Gudumu Lakumanzere

Anthu a mumsewu wawo ankamutcha Dokotala, ngakhale sukulu ya udokotalayo anaisiyira panjira mayi ake atafa ziwalo. Poyamba linali dzina lomunyadira. Maliro a mayiwo atatha, linkamulasa ngati msomali wa mu nsapato.

Chikuku cha odwala chimene mayi akewo ankayendera chinali cha mpingo. Chinkazungulira m'makomo: wina akachira kapena akatsogola, chinkapita kwa wina. Gudumu lake lakumanzere linkalira kuti kwii, kwii, ndipo tsiku lomwe Dokotala anabwera ndi mafuta kuti alidonthezere, mayi anamumenya padzanja ndi mkono wawo wamoyowo. Anati ameneyo ndiye mnzawo wa kwaya amene anatsala, poti enawo anasiya kubwera. Ankayimba motsatira kulirako njira yonse ya kuchipatala, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka theka, koma dzina la Yesu lokha likumveka lathunthu. Dokotala ankachita manyazi n'kumakankha mofulumira. Gudumu linkafulumira, nyimbo nayo n'kufulumira, mayi n'kuseka mpaka kutsamwa.

Tsopano ankachikankha chopanda munthu, kuchoka kuchipinda kufika pakhomo la bafa n'kubwerera, kuti angomva kulirako. Ndizo zokha zimene zinatsala za mawu awo.

Mkulu wa mpingo anafika m'mawa wina atapanira Baibulo m'khwapa. Anapepesa, anatchula vesi la chimwemwe chimene munthu sangalande, kenaka anafika pa chimene anadzera. Dalaivala wina wa basi, wokhala kuseri kwa msika, anamudula mwendo chifukwa cha shuga, ndipo anali gone m'nyumba. Chikuku chinkafunika.

Dokotala anawafunsa kuti mpingowo unali kuti nthawi imene iye ankachapa zofunda zamikodzo yekha, manja akusupuka. Anawauza kuti njira ya kunyumba kuno aikumbukira lero poti kuli katundu wawo. Mkuluyo anangowerama n'kumasisita chikuto cha Baibulo. Mnyamatayo anamasula bulangete la mayi ake lomwe linali pampando wa chikukucho, n'kukalowa nalo kuchipinda. Anakhalitsako, nkhope ataikwirira m'bulangetemo.

Potuluka anapeza mkuluyo atagwada pakhonde, kabotolo ka mafuta a njinga yake kali m'manja, akuzungulitsa gudumu lija ndi chala. Linkazungulira mwakachetechete ngati madzi.

"Ndati tisakapereke chinthu cholira kwa wodwala, mwanangu," anatero akumwetulira.

Dokotala anamva kutentha m'makutu. Anakankha chikukucho kutsogolo, n'kuchikokera m'mbuyo. Zii.

"Mwawaika m'manda kachiwiri, bambo. Chotsanipo manja anu."

Mkuluyo sanamvetse, ndipo iye sanafune kuwafotokozera. Anachitsitsa pakhonde yekha n'kulowa nacho mumsewu, mkuluyo akumutsatira patali, akukankha njinga yake. Mumtima Dokotala ankakonza mawu okamuuza dalaivalayo: kuti chikuku ichi sichichiritsa munthu, kuti a mavesiwa akudikira kudzachitenganso, kuti Mulungu amene analola mayi woyimba kufa pakamwa patapotoka asamuwerengere.

Chipinda cha dalaivala chinkanunkha mankhwala otsukira zilonda. Yunifolomu yake inali pa msomali, ndowa ili kunsi kwa bedi, nsapato imodzi yopolishidwa ili pawindo. Bamboyo anachiyang'ana chikukucho n'kunena kuti kampani yamutsitsa udindo, kuchoka pa basi yaikulu kufika pa ya pasinjala mmodzi, yopanda ndi hutala yomwe. Anapempha kuti amukwezepo. Dokotala anamunyamula monga ankanyamulira mayi ake, mawu aja akadali pakhosi.

Atayenda pang'ono m'chipindamo, dalaivala anagwira magudumu n'kuima.

"Si chimenechi, Adokotala. Ine ndinapempha cholira chija."

Anafotokoza kuti ankawaona Dokotala ndi mayi ake akuwoloka pa siteji ya basi, ndipo ankazimitsa wailesi kuti amve mayi aja. Apasinjala ankamunyoza kuti akuchedwetsa anthu, iye osasamala. Tsiku limene anamuuza za mwendo, anatukwana aliyense mu wodimo mpaka manesi anamuthawa. Mapemphero a abusa sanalowe. Chimene chinkabwera m'mutu mwake ndi kwii, kwii uja, ndi mayi wofa mbali imodzi akuseka ngati walandira uthenga wabwino umene ena onse sanaumve. Anati sakudziwa kuti mayiwo ankaona chiyani kutsogoloko, koma akufuna akhale pamene ankakhalapo, mwina nayenso angachione.

Kenaka anafunsa kuti wathira mafuta gudumulo ndani. Dokotala analoza pakhomo, pamene mkulu wa mpingo anaima, kabotolo kakuonekera m'thumba la jekete. Dalaivala anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuwauza kuti anthu ena akanakhalapo pa Gologota akanapala mtanda kuti usabaye. Mkuluyo anakankhira kabotoloko pansi m'thumba.

"Ndiye muyimbe inuyo," anatero dalaivala. "Nyimboyo mukuidziwa."

"Ine ndi Mulungu sitikuyankhulana."

"Sindinati muyankhule naye. Ndati muyimbe. Nditulutseni, dzuwa ndalisowa."

Dokotala anachikankha mwaukali mpaka chinadumpha pachiundo cha khomo. Kunja gudumu linali chete, ndipo chetelo linkamupweteka kuposa mkwiyo. Anayamba kuyimba ndi mano okukuta, mawu akutuluka theka, akuponda pansi mwamphamvu pamene gudumu likanalira. Anthu a pamsika anacheuka. Manyazi akale aja anamugwira, n'kuyamba kukankha mofulumira, nyimbo nayo n'kufulumira.

"Pang'onopang'ono, kondakitala iwe," anatero dalaivala akuseka, atagwiritsa manja onse awiri. "Mwendo wanditsalira umodzi."

Dokotala anapukuta m'maso ndi phewa, anachepetsa liwiro, koma nyimboyo sanaisiye.