Magazi a Pompano

Dzina loti Pompano anamupatsa ndi anzake a pa siteji ya njinga zamoto, chifukwa kudikira sankakudziwa. Tiyi ankamwa choimirira, lilime likupsa. Loboti isanasinthe, iye hutala kale. Ndiye chikondi, poti chilibe manyazi, chinamugwetsera kwa telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, mtsikana woti ulusi ukapiringizana amaumasula akuyimba.

Tsiku lomufunsira ukwati anabisa mphete m'chipewa cha njinga. Telala sanasiye n'kupalasa makina komwe.

"Ndavomera," anatero. "Koma udikire kafukufuku athe."

"Kafukufuku wa chiyaninso?"

"Wa katemera watsopano wa TB. Ndinalowa nawo achimwene atachira, paja unawaona mmene anatsalira mafupa okhaokha. Ndinalonjeza kuti sinditenga pakati msanga, komanso sindisamuka. Iwe ukufuna ana odzaza nyumba mawa lomweli."

"Atha liti?"

"Ukawafunse eni ake."

Pompano analiza njinga mpaka kuchipatala. Chipinda cha kafukufuku chinali kuseri, ndipo munali benchi yopendekeka, firiji yong'ung'udza ndi anesi ovala magalasi pansonga ya mphuno.

"Mayi, mukundichedwetsera banja," anayamba asanapereke n'moni womwe.

Anesi anamuyang'ana, n'kuyang'ananso chipewa chija. "Achimwene, njinga yanu mumadziwa bwanji kuti muli mafuta?"

"Geji."

"Ife geji tilibe. Timabaya anthu katemera, kenako n'kudikira zaka kuti tione amene adwale ndi amene asadwale. N'chifukwa chake timatenganso magazi. Tikufunafuna chizindikiro, kanthu kamene asilikali a m'thupi amasiya akagalamuka, koti katiuze msanga kuti katemera wagwira. Tikakapeza, odzayesa katemera m'tsogolo sadzadikira chonchi."

Pompano anadziwona kale atanyamulidwa m'mwamba ndi madokotala, Telala akulira misozi yachimwemwe atavala zoyera.

"Ndiye mwakhala mukufufuza m'magazi aulesi," anatero akupinda malaya. "Tengani anga. Anga ndi achangu. Chizindikirocho muchipeza chikuyandama pamwamba."

Anesi anamukhazika pansi n'kumufotokozera zonse, zabwino ndi zovuta zomwe, iye mwendo ukungogwedera. Pomaliza anamuuza kuti akaganize kaye, abwere mawa.

"Ndaganiza kale."

"Mawa, achimwene."

Mawa lake mlonda anamupeza pageti. Anali atathamanga kuzungulira bwalo la mpira, atadya chiwindi, n'kumwerapo juwisi wofiira kuti magazi akaoneke bwino pamaso pa anthu ophunzira. Anakhala pampando chifuwa chili nganganga. Anesi anamumanga kalamba pamkono, n'kutenga kapepala ka singano. Apo firiji ija inayamba kung'ung'udzira kutali, denga linapendekeka ngati benchi, kenako mdima.

Anatsitsimuka ali chagada, miyendo ili pampando. Wina ankamukupiza ndi katoni. Anali mlamu wake, mchimwene wa Telala, amene anaperekeza mlongo wake poti linali tsiku lake lopereka magazi. Telala anaima pakhomo atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Mwatenga ochuluka kwambiri," anadandaula Pompano.

"Alamu," anatero mlamuyo, "singanotu inali isanatuluke m'pepala."

Anesi anamupatsa madzi a shuga. "Pano sitikakamiza munthu. Mukafuna, mubwere Lachinayi. Mukapanda kubwera, palibe mlandu."

Masiku otsatirawo Pompano ankazemba khonde la sitolo ya zitsulo. Makasitomala opita chakumeneko ankawazungulitsa njira ya kumsika, akumanama kuti kuli apolisi. Nkhani inali itafika kale pasiteji. Akangotulukira, mnzake wina ankanyamula sipoko ya njinga n'kukuwa kuti, "Gwirani munthu, ndatulutsa singano!" Koma chimene chinkamudya mtima sichinali chimenecho. Mtsikana wokhalira singano tsiku lonse angakwatiwe ndi mwamuna wokomoka ndi pepala la singanoyo?

Lachinayi anadutsa pageti la chipatala osaima. Anabwerera, n'kudutsanso. Mlonda atayamba kumuwerengera mokweza, analowa.

Telala anali pabenchi, tepi ili m'khosi, ngakhale silinali tsiku lake. Pompano ananamizira kuti sanamuone. Anakhala pampando, n'kutsinzina, n'kuyamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu a mbuzi yomangidwa. Asanafike pakolasi, anesi anati, "Basi, gwirani thonje."

Anatsegula diso limodzi. "Mwachiona?"

"Chiyani?"

"Chizindikiro!"

"Awa ndi ongoona ngati mukuyenera kulowa," anatero anesi akumata nambala pakabotolo. "Mukayenera, tikubayani. Kaya ndi katemera kaya ndi madzi amchere, ngakhale ine sindidziwa. Kenako muzibwera kudzapereka magazi mpaka mapeto. Poti mwalowa mochedwa, mudzamaliza pambuyo pa mayiwa."

Pompano anatsegula diso linalo. Anabwera kudzafupikitsa kafukufuku, ndipo anali atamutalikitsa ndi mkono wake womwe.

"Ndiye mukusiya?" anafunsa anesi.

Anayang'ana firiji, n'kuyang'ana pabenchi. "Ndibwera," anatero ndi mawu aang'ono. "Koma muzindiuza nthawi yoyamba kuyimba."

Telala ananyamuka n'kuvula tepi m'khosi. Anaiyala paphewa la Pompano, kuchokera uku kufika uko.

"Ukutani?"

"Jekete. Kapena ukwatira utavala chipewa cha njinga?"

"Nanga kafukufuku?"

"Analetsa mimba ndi kusamuka. Ukwati sanaletse. Ine ndinkangofuna ndione ngati munthu wothamanga chonchi amatha kubwerera."

"Ndiye Loweruka lino?"

"Jekete lokha ndi mwezi. Taimirira ndiyeze msana."

Pompano anadzambatuka monga mwa chizolowezi chake, anesi asanamalize kunena kuti pang'onopang'ono. Denga linapendekekanso.

Anesi anakweza miyendo ija pampando. Telala anagwada pambali pake, n'kuyala tepi kuchokera paphewa kufika padzanja.

"Musamudzutse kaye, mayi," anatero. "Sindinamuonepo atakhazikika chonchi."