Dzanja la Apongozi

Wokwera sagwira dzanja la woyendetsa. Lamulo limeneli ndi la pa njinga, pa galimoto ndi mu ndege momwe, koma mwini munda wina wa zipatso analiphwanya dzuwa likuswa mtengo.

Ndegeyo inali yaing'ono, ya mipando inayi, ndipo woyendetsa anali mkamwini wake. Bwalo loterapo la pamundapo linali lalifupi, la udzu, ndipo mvula inali itangokata kumene. Kumapeto kwake kunali mpanda wa waya, ndipo kuseri kwa mpandawo kunali shedi momwe antchito ankalongedza zipatso m'mabokosi.

Matayala atagunda pansi, mkamwini anaona kuti wapitirira kale pakati pa bwalo. Zikatero woyendetsa wanzeru sachita manyazi: amawonjezera moto, n'kuulukanso kuti adzayesenso bwino. Iye anakankha kachitsulo ka moto.

"Mukutani?" anafunsa apongozi ake.

"Tizungulirenso, bambo. Malo atichepera."

"Antchito anga akuona? Azikanena kuti mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wosadziwa kutera. Terani."

Apongoziwo anamugwira dzanja n'kulikokera m'mbuyo pamodzi ndi kachitsuloko. Injini inafooka. Mkamwini, amene chibadwire sanakankhepo munthu wamkulu, anazengereza, ndipo pamene ankaponda mabuleki matayala anangotsetsereka pa udzu wonyowa.

Ndege inang'amba mpanda, phiko n'kuthyola nsanamira ya shedi. Malata anagwa. Mtanda wa denga unapsinja mayi wina wolongedza, fupa la mwendo n'kutulukira kunja.

Antchito anatsitsa abwana awo mwaulemu n'kuwakhazika pa bokosi. Mkamwini anamukoka ndi miyendo, mutu ukugunda pa chitseko. Mwamuna wa mayi wovulalayo, woyendetsa thirakitala, anayamba kumumenya ndi sipanala. Ena anazula matabwa a misomali yomwe.

"Bwalo lonseli sunalione?" anafunsa wa thirakitala. "Umafuna kutera pamutu pa mkazi wanga?"

"Musiyeni ayankhe, paja ndi dalaivala wa m'mitambo," anatero mlonda, akumuponda m'nthiti.

Mkamwini analavula mano awiri. Anayang'ana apongozi ake kamodzi, kenaka anayang'ana pansi. Sananene kanthu, pakuti analeredwa kuti mpongozi salozedwa chala pagulu. Sipanala inatsikanso n'kuphwanya zala za dzanja lake lamanja.

Mafuta ankadontha kuchokera m'phiko lothyokalo. Makaniko wa pamundapo anatchera chitini, n'kuwathira pa malaya a mkamwini. Wa thirakitala anatambasula dzanja.

"Ali ndi machesi ndani?"

Mlonda anapisa m'thumba.

Apongozi anaimirira. Anadutsa pakati pa antchito awo n'kukagwada m'matope, pa mafuta pomwepo, pafupi ndi mwamuna wa mwana wawo.

"Bwana, chokanipo," anatero wa thirakitala. "Izi sizikukukhudzani."

"Zikundikhudza," anayankha. "Imvani nonse, inunso mayi mwagona apo. Mwanayu anaona kuti bwalo latha, ndipo anafuna kuulukanso. Anandiuza. Ine ndinamugwira dzanja, ndinachepetsa moto wa injini, chifukwa ndinaopa kuti mundiseka. Wakhala chete pondilemekeza, ndipo ine ndinakhala pa bokosi kuonerera mukumupha. Mwendo wa mayiwa ndathyola ndine."