Mpando wa Kumanzere

Basi inanditsitsa dzuwa litalowa kale. Tauni yachilendo, misewu yonyowa. Chipatala ndinachipeza ndi mphuno: mankhwala okolopera ndi udzu womweta kumene.

Ndinabwera kudzaona achimwene anga, ometa anthu, amene anagwidwa ndi sitiroko mwezi wathawo. Zaka zisanu ndi ziwiri osaonana. Ndinachoka titakangana, osatsanzika. Tsopano ndinali ndi usiku umodzi wokha, basi yobwerera ku ntchito inali ya sikisi m'mawa. Ndinkafuna chinthu chimodzi: andiyang'ane.

Alamu anandichingamira pakhomo la wodi.

"A Chikwama," anatero, dzina limene anandipatsa kalekale. "Mwabwera kapena mwasochera?"

"Ndabwera, alamu."

"Tiona. Katunduyo musatule, angazolowere."

Mabedi atatu. Nyale imodzi yobiriwira. Makatani ankafufuma ndi kuphwa ngati akupuma. Achimwene anali atatsamira pilo, nkhope kuzenera la kumanja kwawo. Tsaya limodzi losalala ngati dzira, linalo tchire. Munthu amene ankathamangira kasitomala mpaka pamsewu chifukwa cha katsitsi kamodzi kotsala.

Mpando unali kumanzere kwa bedi. Ndinakhala.

"Achimwene, ndine."

Sanatembenuke.

"Achimwene."

"Mayi," anauza akazi awo, maso ali kuzenera, "tatsekani wailesiyo."

Ndinanyamuka. Kuchoka ndimakutha. M'khonde anandiimitsa mayi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa thupi, wamfupi, juzi paphewa, akuweruka.

"Mwathawa msanga bwanji, bambo?"

"Sakundifuna."

"Sanakupezeni. Zimasiyana."

Anandibweza pakhomo, nayamba kuloza odwala ndi chibwano, mawu ali pansi.

"Ubongo suvulala mofanana. Awo anagwa pa njinga yamoto. Magazi anaundana pansi pa chigaza, madokotala anaboola n'kuwachotsa. Pano tikuphunzira masitepe. Awo a pakona mtima unaima mphindi zingapo, ubongo n'kusowa mpweya. Za m'mawa amaziiwala pofika masana, ndiye amalemba zonse m'kabuku. Ine andilemba kasanu, konse akuti ndine waukali."

"Nanga achimwene?"

"Mtsempha unatsekeka mbali ya kumanja ya ubongo. Maso alibe vuto, makutunso. Koma dziko la kumanzere linawachokera, ndipo sadziwa kuti linachoka. Mbale amadya theka n'kudandaula kuti tawamana."

"Ndiye ndikakhale kumanja."

"Aliyense amatero. Akatero, khosi limaiwala ntchito. Mpando uja ndinauika dala. Timamata tepi yofiira m'mphepete mwa mbale, mwa galasi, mwa tebulo, kuti azitembenuka mpaka aipeze. Dzulo anapeza supuni. Munthu sanamupezebe." Anavala juzi. "Muzigogoda chitsulo cha bedi, pang'onopang'ono. Osawakoka. Mukazungulira mulandira moni, koma mukhala mwawabera."

Ndinabwerera pa mpando. Ndinagogoda. Achimwene anafufuza phokosolo kudenga, kenako anagona. Alamu anadzipinda pa benchi.

Tulo tinkabwera n'kubwerera. M'maloto ndinaona tauni yodulidwa pakati ngati buledi. Mabasi a matayala a mbali imodzi, akuyenda bwinobwino. Mwezi theka, mlatho wothera m'malere. Ku mbali yosowayo kunali zipinda zonse zimene ndinagonamo, mahotela a makiyi olemera, madepoti, mvula ya m'matauni ena. Ndinkayenda m'menemo ndi chikwama changa. Kunali phee, kosapweteka. Wina ankandiitana kutsidya, koma ankaitanira khoma.

Ndinadzidzimuka ndi kulira kwa ndowa. Okolopa anali atayamba. Zenera linali lotuwa. Hafu faifi.

Achimwene anali maso, akuyang'ana mbalame pa waya.

"Zungulirani," alamu ananong'ona. "Mayi aja sindiwauza. Mupite osaonedwa, ulendo wonsewu?"

Masitepe anayi okha. Ndinaimirira. Ndinaponda limodzi. Ndinaona tsaya la tchire lija pafupi, ndi dzanja lamanzere lili pa bulangete ngati la mlendo. Ndinakhalanso.

Ndinagogoda. Katatu, n'kupuma. Katatu.

"Kuno, achimwene. Tsatani chitsulo."

Mutu unagwedezeka. Unachoka pazenera ngati geti ladzimbiri. Unadutsa khoma. Unadutsa chitseko. Unaima pa kabati, nthawi yaitali, moti ndinamva galimoto ikulira kunja n'kuganiza kuti basi yandisiya. Thukuta linatuluka pamphumi pawo. Alamu anagwira pakamwa.

Ndinagogodanso. Mutu unapitiriza.

Maso anafika paphewa panga. Anakwera. Anaima.

Anandiyang'ana.

"Iwe," anatero. "Wakalamba."

"Inunso, achimwene."

"Ine ndili ndi chifukwa." Mlomo unakwera mbali imodzi. "Wabwera liti?"

"Dzulo madzulo."

"Ndiye osapereka moni? Mwano sunathe."

Alamu anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, kaya kuseka kaya chiyani.

"Ndikupita, achimwene. Basi ya sikisi."

"Ndikudziwa. Iwe umabwera kuti upite." Khosi linkanjenjemera, koma sanalibweze. "Pita ndikuona. Fulumira, kuno n'kutali."

Ndinayenda chafutambuyo, pafupi ndi khoma, kuti ndisatuluke m'maso mwawo msanga. Ndinagunda ndowa. Okolopa ananditukwana mwaulemu.

Kunja kunali nkhungu. Ndinathamanga.