Chipata Chinandidutsa

Ine zitseko ndaziona. Ndagona m'mahotela momwe chitseko chimatseguka chokha chikangomva fungo la perefyumu wanga. Ndiye bizinezi yanga ya matayala itayamba kuyankha, ndinati mudzi umene unandibala usamangolowedwa ngati msika. Ndinawotcheretsa chipata chachitsulo, chotalika mamita atatu, cha mikango iwiri pamwamba. Ndinachikhoma ndi loko wonga mutu wa mwana, n'kuchitumiza pa lole. Kiyi ndinasunga ndekha, ndipo m'kalata ndinalemba kuti woyamba kudutsa pamenepo ndidzakhala ine. Mpanda ndinati ubwera pambuyo.

Patatha zaka zitatu ndinapita ndi akazi anga, amene anali asanakuoneko kwathu. Mudzi wathu ndi nyumba khumi ndi ziwiri, mapiri mbali zonse, kwinako tchire lokhalokha. Galimoto tinaisiya pamene msewu unatopera, n'kuyenda pansi, chisoso chikukakamira suti yanga.

Chipata tinachipeza chitaima chokha pakati pa njira, chokongola ngati banki. Kumanja ndi kumanzere kwake anthu anali atapondaponda tinjira tiwiri tochizungulira. Tsidya linalo, mapazi makumi atatu okha, azakhali amene anandilera anali pakhonde, atavala diresi lawo labwino.

Msuweni wanga, amene tonse timamutcha Chipewa, ndiye anatilandira.

"Tsegulani, bwana. Mikangoyi yatopa kuyang'ana mbuzi."

Ndinapisa m'thumba la jekete. Ndinapisa la buluku. Ndinavula ngakhale nsapato.

"Mayi, kiyi uja ali kuti?"

"Ali m'jekete la buluu," anatero akazi anga. "Lija munati likukuonetsani mimba."

Jekete la buluu linali m'tauni, ulendo wa tsiku lathunthu.

"Zungulirani, asuweni," anatero Chipewa. "Kumanzere n'kwa anthu, kumanja n'kwa ziweto. Inu musankhe nokha."

Ndinakana. Munthu amene wakwera ndege kasanu ndi kawiri sazungulira chipata chake chomwe. Ndikanangoponda kanjirako, mudzi wonse ukanadziwa kuti ndinawatumizira chitsulo chopanda ntchito.

Akazi anga sanataye nthawi. Anatsata mbuzi ina, anadutsa kumanja, ndipo posakhalitsa ndinawaona akumwa tiyi ndi azakhali, onse awiri akundiloza.

"Mwana iwe," anafuula azakhali, "zaka makumi awiri sindinakugwire dzanja. Miyendo yangayi siyenda. Ukudikira kuti ndife kaye?"

"Ndikubwera, azakhali, koma mwadongosolo."

Tinaitanitsa kalipentala. Anamuyang'ana lokoyo, anamugogoda, n'kunena kuti sowo yake ndi ya matabwa. Nditamufunsa za hamala, ndinakumbuka ndekha kuti pogula ndinasankha loko amene hamala singamuthe. Ndimagula zinthu zenizeni ine, ndilo vuto langa. Aphunzitsi a m'mudzimo anati ndikwere pamwamba, koma woyamba kudumpha si woyamba kudutsa. Wina anandibweretsera mpando, ndipo ndinakhala kunja kwa mudzi wanga, dzuwa likundiwotcha pa dazi.

Kenako azakhali anaitana Chipewa n'kumunong'oneza. Iye anabwera akukanda m'chipewa.

"Akuti chofunika n'chiyani kwenikweni, kuti chipata chitseguke kapena kuti inu mukhale mkati?"

"Kuti ndikhale mkati, osazungulira."

"Basi khalani pomwepo. Musasunthe."

Anabwera amuna asanu ndi mmodzi ndi makasu. Anakumba mizati yonse iwiri, pakuti simenti ndinali ndisanatumize. Anachinyamula chipata chija chili chokhoma, anachikweza m'mwamba akubuula, n'kuchidutsitsa pamutu panga, ine nditawerama pang'ono pampando. Anakachidzala kumbuyo kwanga, n'kupondaponda dothi.

"Mwalowa, bwana," anatero Chipewa. "Takulandirani."

Ndinadzuka, ndinakonza tayi, ndi kuyenda mapazi makumi atatu aja ngati munthu wotsika ndege. Azakhali anandigwira dzanja osalisiya, kenako anandikoka khutu.

"Mutu wako sunasinthe. Wangothothoka tsitsi."

Anzanga a m'tauni ndimawauza kuti ayende dziko lonse, sadzapeza kwina kumene munthu amakhala pampando chipata n'kumudutsa. Nthawi yoti ndibwerere kutauni itakwana, amuna aja anafunsa ngati atengenso makasu. Ndinawauza kuti ndikhala kaye masiku angapo, mpaka misana yawo ipole.