Dzanja Lamanzere la ba Benedict

Amuna anayi amene anaitanidwa kudzatulutsa piyano anaitula pakhomo, thukuta lili kamukamu. Pa maliro a ba Benedict katundu yense anatuluka kuti anthu akhale pansi, koma piyano inakana, ndipo lero, maliro ataikidwa kale, inakananso. Ba Benedict anamanga chipindacho piyano ili kale mkati, khomo n'kuliika laling'ono. Munthu uja analinso ndi zake!

Ba Dalton, mng'ono wa malemu, anati ngati n'kugumula khoma agumula. Mwana wawo Monalisa amaimba kiyibodi kutchalitchi ku Mtendere, ndiye piyano ipite kwa iye. Nanga Tinenenji, mwana yekhayo wa malemu, achita nayo chiyani ndi dzanja lake lija?

Tinenenji anabisa dzanja lamanzerelo m'chitenje. Linapsa pa mbaula ali wakhanda, zala zinapindika osawongokanso. Mtima unamuwawa kwambiri, poti m'nyumba monse chomwe chinkanunkhabe atate ake chinali piyanoyo. Anayankha motsitsa mawu kuti nayenso amaimba.

Ba Dalton anaseka. "Chabwino. Sankhani nyimbo yovuta pa vonse vamene banasiya. Wamene azaisiliza, piyano ni yake."

Monalisa anafunyulula mapepala a nyimbo zakale za ku Ulaya, zopanda mawu, zimene malemu ankaphunzitsa ana a anthu olemera a kumayadi, akuyenda wapansi kuchoka kuno ku Kalingalinga. Anayesa kuvuta kwake ndi maso, n'kutola pepala lodetsetsa ndi timadontho. Anakoka benchi pakhomo pomwepo, n'kuyamba bwino ndithu. Atafika pamene dzanja lamanzere limadumpha uku ndi uku, anaphonya. Anabwereza, anaphonyanso pomwepo. Mtsikanayo sanali wabodza, ananena poyera kuti iyi imafuna zaka, si ya tsiku limodzi.

Tinenenji anayang'ana pepalalo n'kudabwa. Yovuta imeneyi? Si ija ankaimba Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi? Atate ake ankangoti, "Iyi njophweka, mwanawe, iwe yamba chabe."

Ataima pomwepo m'pamene anazindikira. Iwo ankakhala kumanzere kwake pa benchi, dzanja lawo n'kumadumpha kudumpha konse kuja, iye akuyendetsa lamanja lokha. Zaka zonsezi sanamuuzepo kuti zovutazo akusenza ndi iwo. Tsopano theka la nyimboyo linali kumanda.

Anakhala pa benchi akudziwa kuti piyano yapita. Anayamba. Dzanja limodzi linkamveka lowonda, lomvetsa chisoni, moti azimayi amene anali pakhonde anaweramitsa mitu. Atayandikira malo ovuta aja, anatsinzina.

Kumanzere kunayankha.

Anali mawu aakulu, ofatsa, olowa pa nthawi yake. Monalisa anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Makiyi akumanzere ankatsika okha n'kumadzuka, dzanja lamanzere la Tinenenji lili m'chitenje momwemo. Dzuwa linali paliwombo, panja owotcherera zitsulo akupitiriza phokoso lawo ngati palibe kanthu. Benchi inalira pang'ono, mmene imalirira munthu wolemera akakhalapo.

Tinenenji anachita mantha, tsitsi linanyamuka, koma sanasiye. Chakumapeto, pamene ankachedwa nthawi zonse, chala chake chinachedwanso. Kumanzere kunaima. Kunamudikira, mmene ankamudikirira kuyambira ali wamng'ono, osamufulumiza. Atapeza kiyi yake, anamalizira limodzi.

Ba Dalton anavula chipewa, n'kunong'oneza amuna aja kuti aibwezere pamalo pake, aikoke bwinobwino asaigunditse. Palibe amene anayamba kusuntha.

Tinenenji anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kenako anaona kuti wakhala pakati penipeni pa benchi, wapanikiza mbali yonse ya atate ake. Anasendera kumanja.