Mlongoti wa ku Kamushanga

Tryness anayamba kuuopa mlongotiwo tsiku limene waya woyanikapo zovala unamuwotcha chala. Kunalibe ndi dzuwa lomwe. Anayamwa chalacho, nkuyang'ana chipaipi chachitali chimene chinaima kuseri kwa nyumba yawo, chokulungidwa ndi waya wakopa, chili ndi mpira wachitsulo pansonga. Chinkalira pansipansi ngati njuchi zili m'mphako.

Amene anaumanga anali amuna ake, a Whiteson, okonza magetsi. Chaka chimenecho magetsi ankangozimazima m'Kabwe monse, koma iwo anali ndi sola ndi mabatire. Anayesapo kukokera waya kwa anansi kuti nawonso aziona kuwala, akuba nkumaudula. Ndiye anaganiza zotumiza magetsiwo mumpweya, mosadzera m'chinthu choti munthu nkuba.

Zinathekadi, ngakhale pang'ono. Akayatsa makinawo, babu lalitali limene munthu wagwira m'manja linkayaka lokha, koma akafika nalo pampanda linkazima.

"Atate ake Mapalo, chinthu ichi chimaluma," Tryness anawauza.

"Ndikachuna bwino chisiya. Ndingowonjezera mphamvu, malaiti afika mpaka kutchalitchi."

Anawonjezeradi. Mawailesi a anansi anayamba kukhosomola, mafoni nkumadukaduka. Kenako Queen, kamwana ka nyumba yoyandikana nayo, kanagwira waya wa mpanda nkupsa pachikhatho.

Amayi ake a Queen, a Clementina, ankaimba limodzi ndi Tryness m'Chigwirizano cha amayi. Anabwera, koma mpando anaukana.

"Amake Mapalo, ine ndikudziwani, ndiye sindinakambe kanthu. Koma anthu akukamba. Akuti chitsulo chanu chimayamwa magazi a ana."

Ana ambiri m'dera lawo la Kamushanga ankadwaladwala kuyambira kale chifukwa cha fumbi la mtovu lochokera kumgodi wakale. Fumbi sungaligende. Mlongoti unkaoneka kwa aliyense.

Tryness anawachonderera amuna ake kuti augwetse okha. Iwo anapepesa kwa a Clementina, anamuperekeza mwana kuchipatala, nkuzula mpanda wawayawo. Za mlongoti anakana.

"Anthu akaona ndi maso awo amvetsa," anatero.

Loweruka masana Tryness anaona kuti ana asiya kusewera pamsewu. Atasuzumira pawindo anapeza anthu ataima kutsogolo kwa nyumba, amuna ndi akazi, ena ogula nawo kumsika. Sankakuwa. Ankangoyang'ana m'mwamba.

A Whiteson anayatsa makina, natenga babu lija.

"Musatuluke nacho chimenecho," Tryness anawagwira malaya.

Anamuchotsa dzanja mofatsa nkutuluka. Pakhonde anakweza babulo kuti onse aone, ndipo linayaka mbee m'manja mwawo, lopanda waya. Anali akumwetulira, akuyamba kufotokoza. Mayi wina anagwada nkuyamba kupemphera mofuula. Mwala woyamba unaphwanya babulo, wachiwiri unawapeza pamphumi.

Tryness anathamangira kuseri, nazula nthambo za mabatire ndi manja ake. Phokoso la njuchi lija linatha. Pobwerera anapeza a Langford, mkulu wa mpingo wawo, ataima pakati pa anthuwo ndi amuna ake amene anali atagwa pansi.

"Chitsulo gwetsani," a Langford anauza khamulo. "Munthu msiyeni."

Anthuwo anaumanga mlongotiwo ndi zingwe nkuukoka mpaka unagwera padenga la khitchini. Waya wakopa anagawana.

Banjalo linathawira kwa mlongo wake wa Tryness ku Highridge, dera lina la m'Kabwe momwemo. Bala linapola, koma a Whiteson anasanduka munthu wosayankhula. Tryness ankati mwina aphunzirapo kanthu, ndipo mtima wake unayamba kukhala pansi.

M'mawa wina anawapeza kuseri kwa nyumbayo, ataima pansi pa nsanja ya thanki yamadzi, akugwedeza miyendo yake yachitsulo kuti aone kulimba kwake.

"Ndadziwa pamene ndinalakwitsa, amake Mapalo," anatero osacheuka. "Uja unali waufupi. Alongo anu akuti mabatire awo ndingabwereke."

Kuseri kwa mpanda, ana a eni nyumba ina ankaseka akuthamangitsana. Tryness anaika pansi kapu ya tiyi imene anawabweretsera.