Mpata wa pa Benchi Yachitatu

Tsiku limene abusa analengeza kuti Mayi Kunja ndiwo azilandira anthu pakhomo la tchalitchi, mayiwo anangotsala pang'ono kuvina pamaso pa mpingo wonse. Dzina loti Mayi Kunja anachita kupatsidwa ndi anthu, chifukwa anatha zaka zambiri kunja akukolopa m'maofesi a eni, ndipo chibwerereni nkhani iliyonse ankaiyamba ndi mawu oti, "Kunja kuja ife timati..." Ena zinkawanyansa, koma eni akewo analibe nazo ntchito. Chimene ankafuna n'chakuti mpingo umene anabatizidwamo uwapatse chochita, asamangoonedwa ngati mlendo wa sutikesi amene mawa anyamukanso.

Mapemphero atatha, mkulu wa mpingo, bambo wina kalipentala wosaseka ndi munthu, anawakokera pambali n'kuwapatsa lamba woyera amene olandira anthu amavala kuchokera paphewa mpaka m'chiuno.

"Mayi, tikukuyesani kaye. Pakhomo si pamasewera. Munthu mmodzi yekha akangodandaula, lambayu tipatsa wina."

"Adandaule chiyani, akulu? Kumwetulira ndimatha, kulozera munthu pokhala ndimathanso."

Loweruka lonse linathera pa lambayo. Anamuchapa, anamuyanika, anamusita kuno ndi kuno, kenako anaima pagalasi n'kumapatsa moni anthu osaoneka. Mlamu wawo, mkazi wa achimwene awo amene ankakhala nawo nyumba imodzi, anasuzumira pakhomo la kuchipinda.

"Alamu, mawa mukukalandira anthu kapena mukukakwatiwa?"

"Seka lero, mawa uona. Kunja kuja ife tchalitchi chathu chinali kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsapato, mipando yochepa. Timayamba kudzaza kutsogolo, osasiya mpata ngakhale wa chala. Kuno mabenchi ali mipatamipata ngati mano a nkhalamba, pomwe ochedwa aima kumbuyo. Ndikonza zimenezo."

"Kakonzeni, alamu. Ine ndikakhala pafupi ndi khomo kuti pothawa ndisavutike."

Lamulungu Mayi Kunja anafika wosesa asanamalize kusesa. Anaima pakhomo chilili, lamba ali mbee, ndipo aliyense wofika ankamugwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Takulandirani! Tiyeni kutsogolo, malo alipo!"

Anthu moni ankayankha bwinobwino, kenako n'kuwazungulira ngati chitsa, aliyense ulendo wa pamalo pake. Mayi Kunja anali ataiwala chinthu chimodzi. M'tchalitchi muja munalibe benchi yolembedwa dzina, koma malo alionse anali ndi mwini wake, ngakhale kuseri kwa chipilala kumene munthu saona n'komwe abusa.

Mayi wina wogulitsa tomato ndiye anawayankha mosabisa.

"Ine kutsogolo? Kuti abusa azindithira malovu akafika pa nkhani ya machimo? Pazenera panga pandikwanira, mayi."

Mayi Kunja anangoseka. Lero akana, sabata yamawa azolowera, anadziuza choncho.

Nyimbo yoyamba ili mkati, pakhomo panaima chimunthu chachitali, chovala majombo ndi juzi ya ulonda, maso ali psuu. Chipewa anachipinda m'manja, phazi limodzi mkati, lina panja.

"Amayi, ndingalowe chonchi? Ndine mlonda, ndangoweruka kumene. Ndimangomva nyimbo ndikamadutsa."

Eee! Mlendo weniweni, woyamba, wawowawo! Mayi Kunja anakumbukira mmene iwo anaimira pakhomo la tchalitchi cha eni, kuzizira kuli m'mafupa, osadziwa munthu. Anamugwira pamkono ngati angathawe.

"Lowani, bambo, Mulungu sayang'ana majombo. Nditsateni."

Tchalitchi chinali chitadzaza thothotho. Maso awo anayenda benchi ndi benchi mpaka anaupeza mpata, wabwino, wokwana munthu wamkulu, pa benchi yachitatu, pambali pa mkazi wa malemu atelala. Zoti atelala anamwalira anazimva pafoni adakali kunja. Chimene sankadziwa n'chakuti chimwalirireni bambowo, palibe anakhalapo pamalo awo. Panalibe amene analamula zimenezo. Poyamba anthu ankasiyapo chifukwa cha chisoni, kenako chifukwa cha mantha, mapeto ake zinangosanduka lamulo lopanda mwini. Anthu a m'tchalitchi pa mantha okha ndiye amatha.

Mayi Kunja anayenda pakati pa mabenchi mutu uli m'mwamba, mlonda ali pambuyo, majombo akulira gu gu gu.

"Khalani apa, bambo. Mayi, tasunthani pang'ono chikwamacho."

Mkazi wa atelala anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunyamula chikwama chake. Mlonda anakhala, benchi inalira. Kwaya inasokoneza mzere wa nyimbo. Makosi onse anatembenuka. Mayi Kunja anabwerera pakhomo akumwetulira, poganiza kuti anthu akusirira ntchito yawo.

Wogulitsa tomato uja ndiye anawakodola pazenera n'kuwanong'oneza.

"Mayi, mwaika munthu pamalo a malemu. Lamba wanuyo mutsanzikeni."

Mayi Kunja anatembenuka. Anaponya maso kutsogolo ndipo anakumana ndi a mkulu wa mpingo, ouma ngati thabwa. Kukamuchotsa munthu uja? Pamaso pa anthu onsewa, tsiku lake loyamba? Ayi, bola lamba apite. Anakhalabe pakhomo.

Ndiye ngati zimenezo sizinakwane, abusa atangotsegula Baibulo, mlonda anayamba kuwodzera. Mutu unapita kutsogolo, unabwerera, unapendekera kumanzere, mpaka unakatera paphewa la mkazi wa atelala. Posakhalitsa mkonono unayamba, wokhuthala ngati lole pachitunda. Mayiwo anamugunda ndi chigongono. Iye anadzidzimuka, anati "Ameni!" mokweza, n'kugonanso. Ana anaseka mpaka amayi awo kuwatsina. Mlamu uja anabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka.

Mapemphero atangotha, Mayi Kunja anaitanidwa kukachipinda ka abusa. Munali tebulo, mipando iwiri ndi mikanjo ya kwaya yopachikidwa pamisomali. Mkulu wa mpingo sanawapatse n'komwe mpando, anangotambasula dzanja.

"Tinagwirizana, mayi. Zakunja zanuzo zatichititsa manyazi. Mwapweteka mtima wa mayi wamasiye."

"Ndalakwa, akulu, sindimadziwa. Koma munthu uja ndikanamuika pati? Padenga?"

"Akanaima kumbuyo ngati anzake."

Mayi Kunja anayamba kumasula pini wa lamba. Abusa ankangosisita chibwano, osadziwa kolowera. Pomwepo chitseko chinatseguka popanda odi, ndipo analowa mkazi wa atelala, chikwama chili kukhwapa.

"Ndamva kuti mukulanda munthu lamba. Wadandaula ndani?"

"Mayi, khalani pansi," anatero mkulu uja mofewetsa mawu. "Tikudziwa kuti zakupwetekani kwambiri."

"Mukudziwa? Munandifunsa liti? Amuna anga ali kumanda, bambo, sali pa benchi. Bokosi lawo munakhoma ndinu nomwe, mwaiwala? Chiwaikireni m'manda mwakhala mukundisiyira mpata ngati ndili ndi mphere. Buku la nyimbo ndigwire ndekha. Abusa akati patsanani moni, dzanja langa lizipalasa mphepo. Ndikalowa muno kuti ndiiwaleko pang'ono, mpata uja n'kumandiyang'ana. Kunyumba bedi lili ndi mpata, patebulo mpata, kutchalitchinso mundisungire mpata? Ndinakutumani?"

"Ife timati ndi ulemu, mayi."

"Ulemu wanuwo mukaupachike kunyumba kwanu. Mukanakhala aulemu mukanabwera kudzandikonzera chitseko chakumbuyo chija chinagwa mvula yathayi."

Mkulu wa mpingo anatsitsa dzanja lake pang'onopang'ono n'kulilowetsa m'thumba. Mayi Kunja anapumira m'mwamba, koma anafulumira, chifukwa mayiwo anawatembenukira.

"Nanunso achemwali, musati mwapulumuka. Anthu onse ali m'dzikomu, mwasowa wina amene anagona usiku? Taonani bulauzi yanga, malovu okhaokha. Phewa lachita dzanzi ngati ndasenza thumba la simenti. Ulaliki sindinaumve n'komwe."

Abusa analephera kudzigwira, anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ndiye mayi, tinene kuti dandaulo lilipo kapena palibe?" anafunsa akupukuta misozi.

"Lilipo, abusa, koma ndi la akuluwa. Ngati pali wovula kanthu, avule iwowa jekete. Mayiwa asiyeni pakhomo, mwina tchalitchi chino chingalowe mphepo yatsopano."

Mkulu uja anang'ung'udza zosamveka, kenako anati, "Poti mwini wake watero." Abusa anakodola Mayi Kunja kuti abwezeretse pini. Mayi Kunja anadzibaya chala chifukwa cha changu, koma ululu sanaumve n'komwe.

"Mlendo wanga!" anakuwa mwadzidzidzi, n'kutuluka chothamanga.

Anamupeza pageti akuvala chipewa, nkhope ili pansi.

"Pepani amayi, ndakuchititsani manyazi. Tulo tinandigonjetsa. Sindibweranso."

"Mubweranso! Ndani wakuuzani kuti simubweranso? Sabata yamawa mundipeza pakhomo pomwe paja, ine ndemwe. Mukaweruka muzisukusula ndi madzi ozizira, basi."

"Nanga ndidzakhale pati? Mayi aja ndawalakwira."

Mkazi wa atelala anali akudutsa kumbuyo kwawo, ambulera ili m'manja. Sanaime n'komwe.

"Pomwe paja, mwanawe. Koma ndidzabwera ndi singano ya amuna anga. Ukadzangotseka diso, udzaidziwa."